A Kutsogolo Asankha Ngolo

Dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo ankayamba aganiza kaye asanalitchule. Aliyense ankangoti a Kutsogolo. Dzinali analitola kufamu yaikulu komwe anameramo imvi akuyendetsa thirakitala, chifukwa ukawafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, kapena bondo lija lapola, kapena ana akukhoza kusukulu, yankho linali limodzi: "Kutsogolo basi!" Anali bambo wamfupi, wa khosi lonenepa losafuna kucheuka, moti akafuna kuona chinthu chakumbuyo ankatembenuka thupi lonse ngati kabati imene anthu akuisuntha.

Anali ndi chinsinsi chimodzi, ndipo ndichinene pompano kuti tisavutane m'njira. A Kutsogolo sankatha kubwerera m'mbuyo ndi ngolo. Anayesapo kamodzi kokha ali mnyamata, atangoyamba kumene ntchito. Anakhotetsa chiwongolero kumanja, ngolo n'kulowera kumanzere. Anakhotetsa kumanzere, ngolo n'kupindika mpaka kudzaima pambali pawo ngati ikufuna kuwanong'oneza nkhani. Matumba a feteleza onse anakathera mu ngalande, ndipo mwamwayi panalibe amene anaona. Kuyambira tsiku limenelo anagamula mumtima kuti chinthu chimene ukachiuza kumanja chimapita kumanzere si choyenera kukambirana nacho.

Kufamu malo ndi aakulu, ndiye chinsinsicho chinasungika bwino. Akapitirira khomo la nyumba yosungiramo katundu, ankangozungulira munda wonse n'kudzatulukira pomwepo, akuimba mluzu ngati anachita dala. Mabwana ankawatamanda kuti ndi munthu woyendera minda popanda kutumidwa. Matayala awo anajambula njira zozungulira paliponse, ndipo mpaka lero alendo amadabwa kuti famu imeneyo bwanji misewu yake yonse ili ngati mphete.

Ngakhale mkazi anamupeza mozungulira momwemo. Panali mtsikana wina ankasoka zovala pakhonde la golosale, m'mphepete mwa msewu wa kufamu. Tsiku lina iwo anafuna kuima kuti amupatse moni, koma anachedwa kuponda buleki, n'kupitirira. Anazungulira mtunda wonse n'kubweranso, koma pofika pagolosale mtima unagunda, mwendo n'kuiwalanso ntchito yake. Mtsikanayo anaona thirakitala imodzimodziyo ikudutsa tsiku lonse, mwini wake akukweza chipewa ulendo uliwonse. Mapeto ake anakwatirana, ndipo a Kutsogolo ankakonda kuuza ana awo kuti amayi awo anagwa nazo m'chikondi chifukwa cha khama.

Nyumba anamanga kumapeto kwa tauni, mumsewu wopapatiza wokhala ndi ngalande mbali inayo. Denga anafolera okha, ngakhale mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, anali kalipentala wodziwika. Linali denga lopendekera mbali imodzi, la malata aafupiafupi, ndipo pamene lata lina limayenera kugona pa linzake mokwanira, iwo anangowakhudzitsa milomo. Mvula yoyamba itabwera, dontho linagwera mkazi watsopanoyo pamphumi penipeni.

"Bambo, denga likudontha."

"Malata atsopano amatero, mayi. Azolowera."

Malatawo sanazolowere. Ana anabadwa, anakula, anapita kwawo kwa iwo okha, dontho lili pompo. Kukwera padenga n'kukakonza kukanakhala kuvomera kuti analakwitsa, ndiye a Kutsogolo ankangosuntha bedi. Ankalikankhira kutsogolo, osati m'mbuyo. Bedi limenelo linayenda chipinda chonse, linatulukirapo pabalaza, linagonako nyengo imodzi pafupi ndi khitchini, n'kubwereranso kuchipinda kudzera khomo linalo. Kulikonse kumene linaima, dontho linkafika patangopita masiku ochepa, ndipo nthawi zonse linkasankha mbali ya mayi. Mvula ikakuona litsiro sikata. Mayiwo anaphunzira kugona beseni lili pachifuwa, ndipo anthu obwera kudzasoketsa ankadabwa kuti munthu mmodzi amatani ndi mabeseni ochuluka chonchi.

Atapuma pantchito, eni famu anawapatsa thirakitala yakale ija ngati mphatso, koma yopanda ngolo. Ankaisunga pabwalo, n'kumaipukuta m'mawa uliwonse. Chaka chomwecho, mvula ikupita kumapeto, dontho linalowa mayi m'khutu. Sanakalipe. Anangodzuka, n'kukhala tsonga, n'kupendeketsa mutu kuti madziwo atuluke, kenako n'kunena modekha ngati akuuza kasitomala tsiku lodzatenga diresi.

"Bambo, ine ndakula. Mvula ikubwerayi, dontho limodzi lokha likadzandigwera ndili pabedi langa, ndidzapita kwa mwana wathu wamkazi kumzinda. Chipinda anandikonzera kale. Ndipo musadzanditsatire, chifukwa mudzapitirira pakhomo."

A Kutsogolo anaseka, koma mayi anagula chikwama chachikulu cha matayala n'kuchiika pamwamba pa kabati. Chilimwe chili pakati, chikwamacho chinatsikira pampando. Dzuwa litayamba kuswa mtengo, chinapezeka chili m'khonde, chodzaza. Nachonso chinkangoyenda chopita kutsogolo, ndipo a Kutsogolo ankachilambalala ngati galu wa eni ake. Anachita mantha, tisanamizane. Moyo wawo wonse ankadzuka ndi kulira kwa makina osokera, n'kugonanso ndi kulira komweko, ndipo akaganiza za nyumba yopanda phokoso limenelo ankasowa tulo.

Komabe sananene kuti denga linalakwika. Anati dziko lapita patsogolo, kwabwera malata aatali, ndipo munthu wotsatira chitukuko sangatsalire. Anapita kufakitale n'kuitanitsa malata oti limodzi liyambire khoma lakumaso mpaka kukatulukira khoma lakuseri, popanda polumikiza paliponse. Anthu a kufakitale anadula malatawo, aatali ngati mawu a mlaliki amene waiwala wotchi, koma atamva msewu wake anapukusa mitu kuti lole yawo singalowemo. Munthu wina akanaima pamenepo n'kuganiza. A Kutsogolo anakondwera, chifukwa dalaivala wa msinkhu wawo kumubweretsera katundu pakhomo n'chipongwe. Chimene chinatsala ndi kupeza ngolo.

Anatenga chingwe cha nayiloni, n'kuchidula molingana ndi kutalika kwa malata, n'kuchikulunga paphewa. Mlamu wawo anawaperekeza, osati chifukwa anaitanidwa, koma chifukwa anali munthu wosafuna kumva nkhani yabwino kwa ena. Anapita kwa wowotcherera zitsulo wina amene anthu ankamutcha a Magalasi, chifukwa magalasi akuda a pantchito sankawavula ngakhale akudya. Pabwalo pawo panali zitsulo zadzimbiri, matayala akale omeramo udzu, ndi ngolo zitatu zogulitsa.

Yoyamba inali yaifupi, ya matayala awiri, yotayira manyowa. A Kutsogolo anamanga chingwe kumutu kwake n'kuyamba kuyenda nacho. Anadutsa ngoloyo, anadutsa mulu wa zitsulo, anadutsa mpanda, n'kukaimira pakhonde la eni ake oyandikana nawo, pamene mayi wina ankasenda mbatata.

"Imeneyo iwalani, akulu," anatero a Magalasi. "Katundu akalemera kumbuyo kwa matayala, ngolo imatukula mutu. Ikutukulirani thirakitala yonse m'mwamba, inu muli pomwepo."

"Mwina aone patali kamodzi," anatero mlamu. "Msinkhu umenewu anaupempha kale."

Yachiwiri inali yaitali ndithu, ya matayala awiri okhala chakumbuyo, ndi zichiri zachitsulo m'mbali zotchingira katundu. A Magalasi anaisisita ngati ng'ombe yamkaka. Anati imeneyi ndiye ya mapaipi, matabwa ndi malata. Kulemera kumagona pa chokolekera, ndiye siivina pamsewu. Chingwe chinapitirira ndithu, koma anati angathe kuwonjezera chitsulo kumbuyo chogwirira malatawo.

"Koma ubwino wake weniweni ndi pa livesi," anapitiriza. "Imamvera ngati mwana woleredwa bwino. Ngakhale pageti lopapatiza, mumangopitirira pang'ono, n'kuibweza chafutambuyo, yalowa. Munthu ngati inuyo mukhoza kuibweza mutatsinzina. Tandilolani ndiikoleke muyese pompano."

A Kutsogolo anatsamwa ndi malovu awo omwe. Anatsokomola, anagwada n'kuyang'ana pansi pa ngoloyo nthawi yaitali, anamenya tayala ndi nsapato, kenako ananunkhiza girisi.

"Matayala awiri ndi njinga," anatero podzuka. "Ine sindinakalambire pa njinga. Nanga iyo ili uko?"

Yachitatu inali kuseri, udzu utaimerera mpaka m'mimba. Inali yaitali kuposa zonse, ya matayala anayi, ndipo awiri akutsogolo ankazungulira paokha pa chitsulo chonga mbale. A Magalasi anakanda m'mutu. Anati kunyamula imanyamula, ndipo pamsewu woongoka imayenda mwaulemu ngati ikupita kumaliro a bwana. Koma sankafuna kunamiza munthu wamkulu.

"Imeneyi imapindika pawiri, pachokolekera ndi pamatayala akutsogolo. Kuibweza m'mbuyo ndi kulimbana ndi njoka. Amene anali nayo anaibweza kuno akutukwana. Ine ndinayesa, inandigwetsera chimbudzi. Kunena zoona, sindinaonepo munthu woibweza."

"Palibe?" anafunsa a Kutsogolo, mawu atatsika.

"Palibe, akulu."

"Ngakhale katswiri?"

"Katswiri ndiye imam'chititsa manyazi kwambiri."

Nkhope ya a Kutsogolo inawala. Moyo wawo wonse anali asanakumanepo ndi chinthu chowamvetsa chonchi. Pamaso pawo panali ngolo imene munthu aliyense akalephera kuibweza, wolakwa ndi ngoloyo. Anaizungulira, anaichotsa udzu ndi manja awo, anayala chingwe pamwamba pake. Chingwecho chinapitirira kumbuyo ndi utali wa bedi, ndipo a Magalasi anati zimenezo si vuto, malata ataunjikana ndi kumangidwa bwino sapindika, bola kumapeto amangeko nsalu yofiira kuti am'mbuyo aziona.

"Alamu," anatero mlamu, nthabwala zitatha pang'ono, "geti lanu lija mwaliganizira? Ngalande ili uko, mtengo wa magetsi uli apo. Chinthu ichi chikhota bwanji?"

"Geti ndinamanga ndine. Limandidziwa."

"Denga nalonso munafolera ndinu."

A Kutsogolo anachita ngati sanamve, n'kugwirana chanza ndi a Magalasi.

Madzulo ake anapempha akazi awo kansanza kofiira. Mayiwo sanawapatse kansanza. Anadula nsalu yatsopano, n'kuipinda m'mbali, n'kuisoka bwinobwino ndi zingwe zomangira, ngati mbendera ya sukulu. A Kutsogolo anaima pambali akuonerera, ndipo mtima unakhala m'malo pang'ono, chifukwa munthu amene watsimikiza zochoka sataya ulusi pa zoterezi. Pomaliza msoko, mayi anadina kachitsulo ka pamakina, singano n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, monga ankachitira nthawi zonse kuti ulusi usasomoke. Amuna awo anayang'ana kumbali.

Tsiku lokatenga malata kunacha ndi chifundi, mitambo itaunjikana kum'mawa ngati zochapa za sabata yonse. A Kutsogolo analamula mlamu kuti asasule denga lakale lonse m'mawa womwewo, kuti malata atsopano akangofika akwere osagona pansi. Mlamu anayang'ana kumwamba, anayang'ana mlongo wake, n'kukwera ndi hamala yake. Pofika masana nyumba inali pamtetete, mapaso okhaokha, dzuwa likuwala pabedi. Mlamu anakhala pa phaso miyendo ili lendelende, akudikira.

Thirakitala inamveka isanaoneke. Inalowa mumsewu mwaulemerero, malata akunyezimira, nsalu yofiira ikupepeluka kutali kumbuyo ngati ili paulendo wakewake. Anthu anatuluka m'nyumba. Wometa wa pakona anatuluka ndi kasitomala wake, mutu utametedwa mbali imodzi. Mayi anaima pageti atapinda manja.

A Kutsogolo anachepetsa moto, anakankhira thirakitala kufupi ndi ngalande kuti akhote motakasuka, anayang'ana geti, anayang'ana mtengo wa magetsi. Diso la dalaivala silinama. Anaona kuti mphuno ya thirakitala ilowa, koma tayala lakumbuyo la ngolo likakumbatira chipilala, ndipo akangolowetsa mphunoyo sipakhalanso kotulukira koma m'mbuyo. Anawongola chiwongolero, n'kukweza chipewa.

"Ndikubwera, mayi!"

Anapitirira. Msewuwo unali wachifundo pa chinthu chimodzi: unkazungulira kudutsa pachigayo, kuseri kwa sukulu, pamalo omwetsera mafuta, n'kudzatulukiranso pakona ya wometa. Patapita kanthawi thirakitala inatulukiranso. Ulendo uno anayesa kuyambira pakati pamsewu. Geti silinasinthe maganizo.

"Mwaiwala chiyani, alamu?" anakuwa mlamu ali padenga.

"Ndikuzoloweretsa matayala!"

Ulendo wotsatira anati katundu watsopano amafunika amenyedwe mphepo. Wotsatirawo anangokweza chipewa. Anthu a mumsewumo, poona kuti pali galimoto yodalirika yodutsa nthawi ndi nthawi, anayamba kuigwiritsa ntchito. Mayi wina anaponya thumba la chimanga pamphuno ya ngolo n'kukatsikira kuchigayo, ndipo ulendo winawo anakwera ndi ufa. Aphunzitsi awiri anakwera kuseri kwa sukulu n'kuyamikira kuti derali layamba kutukuka. Wometa ankauza makasitomala kuti adikire pang'ono, awayamba thirakitala ikadutsanso. Nkhuku ina inakwera pamalata, inazungulira nawo, n'kudzatsika pakhomo pa mbuyake.

"Alamu, mungopitirira pang'ono n'kulowa chafutambuyo!"

"Ngolo iyi palibe amaibweza! Kafunseni a Magalasi!"

"Ndiye imani pamsewu pompo, titsitse pamanja!" anatero wometa. "Anthu tilipo ambiri. Mutu umodzi susenza denga!"

"Katundu wa ine amatsikira pakhomo!"

Mawu omalizawo anamveka ali kale chakuchigayo. Kuima pamsewu, anthu n'kumanyamula malata pamitu kulowa nawo pageti limene thirakitala yakanika, kukanakhala kulengeza pamsika chimene anabisa moyo wonse. Ankakhulupirira kuti penapake pali njira yokhotera imene sanaipeze, ndipo akangozungulira mokwanira, geti litopa.

Koma dzuwa linalowa m'mitambo, mphepo n'kuyamba kununkhira dothi lonyowa. Atatulukiranso pakona, anaona chimene ankachiopa. Chikwama cha matayala chija chinali pageti, ndipo mayi anali atavala nsapato zawo za paulendo. Kuyambira pamenepo banjalo linkakambirana mwa apo ndi apo, mawu ochepa ulendo uliwonse, chifukwa thirakitala siidikira munthu kuti amalize chiganizo.

"Bambo, kukubwera mvula."

"Ipita kwina!"

Chigayo, sukulu, pamafuta, wometa.

"Bedi lili pamtetete."

"Pang'ono pokha, mayi!"

Chigayo, sukulu, pamafuta, wometa. Pamalo omwetsera mafuta mnyamata wa pampu ankawakodola ulendo uliwonse, koma pampuyo inali pakona yofuna kulowa n'kubwerera, ndiye ankangomukwezera chipewa nayenso.

"Minibasi ikangofika, ndikwera."

Ulendo umenewo a Kutsogolo anangodutsa. Okwera onse anali atatsika kuthawa mvula, ndipo kuseri kwa sukulu anali okhaokha ndi malata awo. Anayang'ana giya ya livesi, yokhayo imene nambala yake inali isanafufutike, yatsopano ngati yochokera m'sitolo. Anaigwira, n'kuisiya. Analankhula ndi thirakitala, analankhula ndi Mulungu, analonjeza zinthu zingapo zimene sakanatha kukwaniritsa. Misozi inalengeza, ndipo ananamizira fumbi ngakhale panalibe wowafunsa.

Dizilo ndiye anaweruza mlanduwo. Atangodutsa geti, injini inatsokomola, inabwebweta, n'kuzima. Thirakitala inaima kutsogolo uko, ngolo itatseka msewu wonse, nsalu yofiira ili lende pafupi ndi chipilala cha geti. Kunangoti zii. Kumwamba kunagunda, ndipo nthawi yomweyo minibasi ya kumzinda inatulukira pakona ya wometa n'kudzaima kumbuyo kwa malata, hutala ikulira. Mayi anakoka chogwirira cha chikwama.

A Kutsogolo anatsika. Kuti akafike pamene panali akazi awo anayenera kuyenda utali wonse wa malata amene anaitanitsa okha, msewu wonse ukuwayang'ana, ndipo anaona kuti anawonjeza muyeso. Anafika chipewa chili m'manja. Madontho oyamba, akuluakulu, anayamba kuboola fumbi.

"Mayi," anatero. "Ine livesi ya ngolo sindiitha. Si ngoloyi ayi. Ngolo iliyonse. Sindinaithepo chibadwire."

Anadikira kuti msewu ugwe ndi phwete. Palibe anaseka. Wometa anayang'ana lumo lake. Mlamu ali padenga anakanda chibwano, n'kunena kuti nkhani imeneyo anaimva asanayambe n'komwe kumera ndevu, ndipo kufamu kuja mabwana anachita kugumula mpanda wina kuti alamu azizungulira bwino.

"Ine ndinadziwa ndili pakhonde la golosale," anatero mayi. "Mumaganiza kuti ndinali wopusa? Mwamuna wofuna mkazi amaima. Inu munkangodutsa, maso ali tong'o, mwendo ukufunafuna buleki."

"Nanga munandiloleranji?"

"Munkabweranso."

Kondakitala anatulutsa mutu pazenera. "Amayi, mukukwera kapena mukuperekeza chikwama?"

Mayi chogwirira chija sanachisiye. Ankayang'anabe amuna awo, ngati telala amene akuona kuti chovala chatsala msoko umodzi. A Kutsogolo anadziwa msoko wake. Unali wovuta kuposa woyamba uja, ndipo anautulutsa ngati akuzula dzino.

"Ndi denga lija. Silinali loti lizolowera. Ndinafolera molakwika ndine. Mwanyowa zaka zonsezi chifukwa cha ine."

Mayi anapumira m'mwamba. Maso awo anafiira, ndipo iwo sananamizire fumbi.

"Mawu amenewo ndinayamba kuwadikira ndisanagule beseni loyamba," anatero. Kenako anakweza mutu. "Achimwene, tsikani msanga! Inu ometa, siyani lumo. Kanyamuleni bedi langa, ndi makina anga. Zinazo muphimbe ndi malata akale aja, ntchito yodontha aidziwa kale."

"Bedi tipite nalo kuti, achemwali?"

Mayi analoza pansi pa malata amene anapitirira kumbuyo kwa ngolo. Amuna awiriwo anathamanga, aphunzitsi aja anathandiza, ndipo bedi limene linayenda nyumba yonse linatuluka pageti kwa nthawi yoyamba. Linakwana ndendende, ngati malowo anachita kuyezera. Makina osokera anawalowetsa pansi pa ngolo pamodzi ndi chikwama. Mayi anavula nsapato za paulendo, anakwera pabedi, anayala bwino chofunda, n'kumenya ndi dzanja pambali pawo. A Kutsogolo anakhala, miyendo yosafika pansi.

Apo mvula inatsika yonse. Inaomba pamalata ngati anthu akukhuthula miyala, madzi n'kumayenderera m'mizere mpaka kukagwera kumapeto, kupitirira mapazi a bedi. Anthu anathawira m'makonde. Kutsogolo kwa bedi kunatsala minibasi yokha, nyali zili ngwee, okwera ataunjikana pagalasi kuonerera nkhalamba ziwiri zitakhala pabedi pakati pa msewu.

"Amayi!" anakuwa kondakitala, thumba la pulasitiki lili kumutu. "Komaliza, mukupita?"

Mayi anatambasula dzanja m'mwamba, chikhatho chili chagada, monga anachitira usiku uliwonse wa mvula kuyambira ali mtsikana. Anadikira. Analisunthira kumanja, analisunthira kumanzere, analibweretsa pamphumi. Analiyang'ana, n'kuwaonetsa amuna awo. Linali louma.

"Pitani, mwanangu. Sindikwera."

"Nanga tidutsa pati? Mwatseka msewu wonse!"

"Bwererani m'mbuyo."

Dalaivala anatukwana pang'ono, anaponya dzanja kumbuyo kwa mpando, n'kulowetsa giya. Minibasi inayamba kubwerera, bwinobwino, pakati pa ngalande ndi mipanda, ikucheperachepera m'mvula. A Kutsogolo anaionerera kukamwa kuli yasa. Mayi anawagunda ndi chigongono.

"Yang'anitsitsani, bambo, muone mmene anzanu amachitira. Mawa tikabwereka ngolo yaing'ono ija kwa a Magalasi, mukayambire pabwalo la sukulu. Ine ndidzaima kumbuyo, ndizikuuzani."

"Ndikakugundani?"

"Mudzapepesa. Mwayamba kale kuzolowera."

Mayi anawaphimba mawondo ndi mbali ina ya chofunda, n'kuwerama kutulutsa chikwama pansi pa ngolo. Anachitsegula, anafufuza pansi pa madiresi, n'kutulutsa pilo wawo, n'kumubwezera kumutu kwa bedi.